Bokosi la Choko Pakati pa Mapanga Awiri

Mwambi umene ndikufuna muumve lero chiyambi chake chili motere, koma mwambiwo ndiutchula kumapeto, chifukwa ndimakudziwani adzukulu anga, ndikangoutchula pano muyamba kuyasamula. Iwe Fatsani, tseka kope lakolo. Wakhala pa samu imodzi yosendeza 65 kuyambira mvulayi isanayambe, kulemba 60, kufufuta, kulemba 70, kufufuta, mpaka pepala labooka. Sendera kuno, pamenepo pakudontha. Nkhaniyi ndi yako.

Kale ndithu, koma osati kale loti kunalibe sukulu, kunali sukulu ina ya pulayimale m'munsi mwa phiri la miyala ikuluikulu. Dzina lake silikukhudzani. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti chaka chimenecho pasukulupo panasowa choko. Mlatho wa pamsewu wopita kuboma unakokoloka, galimoto yobweretsa katundu wa sukulu inaleka kubwera, ndipo aphunzitsi anagawana tizidutswa totsala mpaka tinatha. Kenako anayamba kulemba pabolodi ndi makaka, chinangwa chouma chija. Makaka amalemba ndithu, koma mwana wokhala kumbuyo saona kanthu, ndipo mphunzitsi akangotembenuka kukayankha odi pakhomo, ankapeza cholembera chake chili m'kamwa mwa wina. Mayeso a Sitandade 8 anali kuyandikira. Makolo anayamba kung'ung'udza kuti ana awo alephera chifukwa chophunzitsidwa ndi chakudya.

Wapampando wa komiti ya sukuluyo anali a Lufeyo Kansengwa, ndipo aliyense ankangowaitana kuti a Tcheya. Anali munthu wa mtima wabwino, pamenepo sindinganame, koma anali ndi nthenda imodzi: sankatha kusankha. Anthu awiri akakangana za malire a munda, iwo ankaima pakati, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, n'kunena kuti, "Nonse mukunena zoona." Akazi awo akafunsa kuti aphike nyemba kapena nkhwani, ankayankha kuti zonse n'zabwino, mpaka moto kuzima. Paudindowo anawasankha chifukwa sanayambanepo ndi munthu. Nanga munthu wosatenga mbali angayambane ndi yani?

Ndi iwowa amene anadzipereka kukatenga choko kuboma. Anapalasa njinga, kuwoloka mtsinje madzi ali m'chiuno, kukagona pakhonde la ofesi, ndipo anabwerako ndi bokosi limodzi lokha lomata ndi tepi. Limodzi, la sukulu yonse, kufikira mlatho utakonzedwa. Amayi anawalandira ndi nthungululu ngati abwera ndi mkwatibwi. Mphunzitsi wamkulu, a Mlangali, anagwira bokosilo ndi manja awiri, kulinunkhiza, kenako n'kulengeza kuti, "Tepi iyi isachotsedwe ndi munthu aliyense mpaka Lachisanu, pamaso pa sukulu yonse. Sindifuna kudzamva kuti ahedi kapena a komiti anatapako."

Tsono pasukulupo panali mphunzitsi wa Sitandade 4, Mayi Chadzunda, mayi wosachedwa kuganiza. Ataona kuti bolodi lasanduka chokongoletsa khoma, anatulutsa ana ake panja n'kusandutsa phiri lonse kukhala kalasi. Anatenga makala n'kulemba manambala akuluakulu pamiyala: apa 10, apo 20, uko 30, mpaka 100 pamwamba penipeni. Kenako anadula timakadi ku katoni yakale n'kuyambitsa masewero osakasaka. Ana ankagawidwa m'magulu awiri, ndipo gulu lililonse linkalandira khadi. Khadi likati, "Mu 372, kodi 7 akuimira chiyani?" ana ankayenera kuona kuti 7 wakhala pamalo a mateni, osati a mawani kapena a mahandiredi, ndiye kuti ndi 70, n'kuthamangira kumwala wolembedwa 70. Pansi pa mwalawo ankapeza khadi lina. Ilo likati, "Sendezani 18 ku teni yapafupi," ankayenera kuona kuti 18 yayandikira 20 kuposa 10, n'kuthamangira ku 20. Wolakwitsa ankafika pamwala wopanda khadi lake, n'kubwerera akupuma wefuwefu. Ana anazikonda zimenezi kuposa mpira.

Mwa malo onse a paphiripo, awiri anali mapanga, mmene abusa ankabisalamo ndi mbuzi zawo mvula ikabwera. Pa phanga la kumunsi analembapo 40, pa la kumtunda 50. Mapangawo anali moyang'anizana, ndipo pakati pake panali thanthwe lalitali ngati bwalo la mpira, lopanda mtengo, lopanda ngakhale chitsamba chobisalamo nkhuku. Muligwire bwino thanthwe limeneli m'mutu mwanu.

Mayi Chadzunda anapempha ahedi kuti Lachisanu lija bokosi la choko likhale chuma cha pamapeto pa masewerowo. Gulu loyamba kulipeza ndilo lidule tepi, ndipo mwana mmodzi wa gululo alembe ndi choko choyamba pabolodi. Ahedi anazengereza, koma makolo anakonda ganizolo, ndipo anavomera.

Lachisanu kunacha kotentha mwachilendo, kutentha kuja kumene kumachititsa nkhuku kuyasama. Chakumadzulo mitambo inali itayamba kuunjikana. A Tcheya anafika atavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo atapatsidwa mwayi wolankhula, mwina chifukwa cha nthungululu zija, pakamwa panawathawa.

"Ana inu muli ndi mwayi," anatero. "M'nthawi yathu masamu anali masamu. Ine aphunzitsi akangolemba samu, asanatembenuke n'komwe, dzanja langa lili m'mwamba."

Ana anaomba m'manja. Woomba kwambiri anali Mwatitha, mwana wawo wamkazi, amene anali mu Sitandade 4 momwemo. Chimene mwanayo sankadziwa n'chakuti bambo ake anasiyira sukulu mu Sitandade 3, chaka chimene kwawo kunasowa woweta ng'ombe, ndipo za kusendeza manambala sanazifike.

Ahedi sankamvetsera n'komwe. Maso awo anali kumwamba.

"Madamu," ananong'ona, "mitambo iyo mukuiona? Choko chija ndi chokhacho."

"Musadandaule ahedi, kumene chikupitako n'kouma. A Tcheya anyamuke pompano akadikire ana kumeneko, akafika mvula isanaganize n'komwe."

Mayi Chadzunda anawaitana a Kansengwa, koma ana anali atawazinga, makutu ali tcheru ngati a mbewa.

"A Tcheya, malowo sindingawatchule, makutu achuluka pano. Khadi lomaliza la ana ndi ili, ndakulemberani lanu. Likuuzani kopita. Kapena tipite kuseri ndikakuuzeni?"

Apa m'pamene munthu wanzeru akanati, tiyeni kuseri. Koma Mwatitha anali pomwepo akuwayang'ana ndi maso onyadira, ndipo mawu aja a dzanja m'mwamba anali asanazizire. A Tcheya analiponyera diso khadilo. Linati: "Sendezani 45 ku teni yapafupi."

"Aa, Madamu, izi n'zachibwana," anatero akuseka. Mumtima anati, pafupi ndi pafupi basi, ndikakafika ndikaona ndi maso.

Ananyamula bokosi n'kuyamba kukwera. Atangobisika kuseri kwa miyala, anaima, kuika bokosi pansi, n'kutambasula zala. Kuchokera pa 45 kubwerera ku 40, zala zisanu. Kuchokera pa 45 kupita ku 50, zala zisanu. Anaganiza kuti dzanjalo lalakwitsa, n'kuyesa ndi linalo. Zisanu uku, zisanu uko. Thukuta limene linatuluka pamenepo silinali la chitunda ayi.

"Mayi ameneyu wandiponya m'dzenje," anadandaula okha. "Pafupi pali pawiri bwanji?"

Anakhala pamwala n'kuyamba kuganiza mozama, ndipo munthu wosazolowera kuganiza mozama akayamba, muziopa. Anakumbukira kuti Mwatitha ankakonda kutchula kunyumba za mawani ndi mateni. Anayang'ananso khadi.

"Eya," anatero. "Folo uyu wakhala pampando wa mateni, ndiye wamkulu. Faifi ndi wa mawani, ndi mwana. Kodi kuyambira liti wamkulu kutsatira mwana? Mwana ndiye amatsatira wamkulu. Fote faifi kwawo ndi ku fote."

Anakondwa nayo nzeru imeneyi mpaka kuimba mluzu. Anakalowa m'phanga la kumunsi lolembedwa 40, kukhala pansi, bokosi pamiyendo. Munali fungo la mbuzi, koma munali mouma gwa. Adzukulu anga, akanangogona tulo pamenepo, bwenzi lero kulibe mwambi, ndipo ine bwenzi ndikukukambirani zina.

Koma mtima wa a Kansengwa sunkadziwa kukhala pansi. Posakhalitsa unayamba kuwafunsa mafunso. Ngati faifi alibe ntchito, Madamu anamulemberanji? Anakumbukiranso kanyimbo kamene Mwatitha ankaimba akamasesa pabwalo m'mawa. Kanali konena kuti manambala ena amatsika, ena amakwera. Anayesa kukaimba. "Wani mpaka folo, tsika, tsika." Pamenepo panamveka bwino. Mzere wachiwiri unkathera kuti, "mpaka naini, kwera, kwera." Koma unkayamba ndi chiyani? Faifi kapena sikisi? Anaimba ndi faifi, kanakoma. Anaimba ndi sikisi, kanakomanso. Anadzitukwana chifukwa chomamuuza mwanayo kuti achepetse phokoso m'malo momvetsera.

Kenako anayang'ana pansi n'kuona zitosi za mbuzi.

"Iyayi," anatero. "Mayi waukhondo ngati uja angaike chuma cha sukulu m'khola la mbuzi? Ndi kumtunda."

Anatuluka n'kuyamba kudutsa thanthwe lija. Ali pakati, bingu linagunda chapatali, ndipo kamphepo kozizira kanawakhudza m'khosi. Anafulumiza miyendo, bokosi atalikumbatira ngati khanda lodwala, mpaka kukalowa m'phanga la kumtunda lolembedwa 50. Namonso munali mouma, mwaukhondo, ndi mwala wabwino wokhalapo.

Fatsani, ukundiyang'ana chifukwa ukufuna ndikuuze ngati apa anakhoza. Anakhoza. Faifi imakwera, ndipo 65 yako ijanso ipite ku 70. Munthu uja anali atafika pamalo enieni, nthawi ilipo, choko chili chouma. Chinatsala n'kungokhala pansi basi, ntchito imene ngakhale mwala umaitha.

Koma atakhala, anasuzumira kumunsi n'kuliona phanga la 40 likuwayang'ana. Mantha anawagwira. Nanga ngati kuli kuja? Anaona m'maganizo ana akufika m'phanga lopanda kanthu, akufuula kuti a Tcheya asochera. Anaona ahedi akugwedeza mutu. Anaona amayi a nthungululu aja akuseka m'zitenje, akuti, si aja a dzanja m'mwamba? Anaona Mwatitha ataweramitsa nkhope. Chimenechi ndicho chinawapweteka koposa, chifukwa mwanayo ankamukonda kwambiri.

Anaganiza zotsegula bokosi, theka aike kuno, theka kumunsi, monga ankachitira ndi milandu ya minda. Chala chinafika mpaka pa tepi. Koma anakumbukira mawu a ahedi, n'kuchibweza msanga ngati chakhudza mbaula. Kulephera samu n'kochititsa manyazi, koma kutchedwa wakuba choko n'kosamukira mudzi wina.

Pamenepo m'pamene inawafikira nzeru imene inawasunga moyo wawo wonse.

"Ndavutikiranji?" anatero. "Fote faifi ili pakati. Inenso ndikaime pakati. Ana akatulukira, ndiona kumene akulowera, ndithamange ndiwapitirire. Ndani adzadziwe?"

Anatuluka m'phanga louma, adzukulu anga, ndi miyendo yawo, popanda wowathamangitsa, n'kukaima pakati pa thanthwe.

Kumwamba kunali kutada bii. Kumunsi kwa phiri ankamva ana akufuula, gulu lina likuthamangira ku 20, lina likubwerera kuchokera kumwala wolakwika. A Tcheya ankangosinthasintha phazi. Mphepo inabwera ndi fungo lija la dothi lonyowa. Atayang'ana kumadzulo anaiona mvula ikubwera m'minda, yoyera ngati nsalu yoyanika, ikumeza mitengo umodziumodzi.

"Dikira pang'ono," anaichonderera. "Ana afike kaye. Sindikukukaniza kugwa, ndangoti dikira."

Mvula siimva Chichewa. Dontho loyamba linagwa pa bokosi penipeni, lalikulu ngati chala chamanthu, n'kusiya banga lakuda pa katoni. A Tcheya analipukuta ndi dzanja, kuvula jekete, kukulunga bokosi. Miyendo inkafuna kuthawa, koma mutu unali usanaiuze kolowera.

Iwe Ndaziona, usandidule mawu. Ndikudziwa chimene ukufuna kunena, kuti aphunzitsi ako anati miyambi ndi yakale kuposa sukulu. Kodi aphunzitsi akowo analipo? Inenso kunalibe, koma nkhani ndi yanga ndipo khonde lino ndi langa. Ukufuna kumva mathero kapena ukufuna mtsutso?

Tsono ana anatulukira. A Tcheya anapuma mpweya wa chimwemwe, koma chimwemwecho sichinakhalitse. Magulu onse awiri anali atapeza khadi lomaliza nthawi imodzi, ndipo anatulukira pamodzi m'mphepete mwa thanthwe. Gulu limene linkatsogozedwa ndi Josamu, mnyamata wamtali wa mawu ngati lipenga, amene anabwereza Sitandade 4 mpaka kumera ndevu, linakhotera kumunsi likufuula kuti, "Fote! Fote!" Gulu la Mwatitha linakhotera kumtunda. Ana sachedwa pothawa mvula. Kuphethira kamodzi, onse anali atalowa m'mapanga, ena uku, ena uko, ndipo pathanthwe panatsala munthu mmodzi yekha ndi jekete lokulunga.

Mvula inafika. Sinayambe ndi kuwaza, inangokhuthuka.

"A Tcheya, kuno!" anafuula Josamu kuchokera kumunsi. "Ndi fote! Bweretsani kuno!"

Mawu a mnyamatayo anali amphamvu, osakayika, ndipo a Kansengwa moyo wawo wonse ankakhulupirira munthu wosakayika. Anathamangira kumunsi. Atatsala pang'ono kufika, anamva kamawu kakang'ono kumbuyo.

"Ababa! Kuno ababa! Ndi fifite!"

Anaima. Mwana wawo sananamepo. Anatembenuka n'kuthamangira kumtunda, madzi akulowa m'maso, nsapato zikulira.

"A Tcheya, akukunamizani!" gulu lonse la kumunsi linakuwa pamodzi. "Ife tilipo ambiri!"

Anaimanso. Zoona, kumunsi kunali anyamata akuluakulu, ena ometa kale ndevu. Anthu onsewo angalakwitse? Anatembenuka.

"Ababa, choko!"

Anatembenukanso. Anthu amene anaona amati munthu wamkulu uja anazungulira pathanthwepo ngati nkhuku yodulidwa mutu, ndipo pena anaima chilili, madzi akutsika m'ndevu, n'kukuwa ndi mawu olira kuti, "Nonse mukunena zoona!"

Jekete la kutchalitchi si lona. Linamwa madzi mpaka kukhuta, n'kuyamba kumwetsa katoni. A Tcheya anamva bokosi likufewa m'manja mwawo, ngodya zake zikugonja. Analifinya pachifuwa kuti alitchinjirize, osadziwa kuti akulikanya. Potembenuka komaliza phazi linaterereka pa ndere, ndipo anagwa chafufumimba, bokosi lili pansi, iwo pamwamba. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, kofewa, kosayenera kumveka kuchokera ku choko.

M'mapanga monse muwiri ana anaona madzi oyera ngati mkaka akutuluka pansi pa a Tcheya, akuyenda pathanthwe, akutsikira kumunsi kwa phiri. Masamu a Sitandade 8, Chingerezi, sayansi, zonse zinkapita kumtsinje.

Mayi Chadzunda, amene ankabwera pambuyo pa ana atafunda thumba la feteleza kumutu, ndiwo anafika n'kuwagwira mkono. Sanawafunse maganizo. Anangowakoka mpaka m'phanga la kumtunda. Ahedi anafika pambuyo pake akupuma movutika, ndipo ataona a Tcheya, anagwira khoma la phanga kuti asagwe. Munthu anali woyera kuyambira pachibwano mpaka m'mawondo, ngati wagona m'chigayo. Mayi Chadzunda anafunyulula jekete pang'onopang'ono. M'katimo munali phala. Tepi yokha ndiyo inali yosadulidwa, monga ahedi analamulira.

Palibe mwana anaseka. Onse ankadziwa kuti Lolemba abwerera ku makaka.

"Madamu," anatero a Tcheya ndi mawu aang'ono, "kodi fote faifi imapita kuti?"

Anayankha ndi Mwatitha, misozi ili m'masaya. "Faifi imakwera, ababa. Faifi mpaka naini, kwera, kwera. Ndimaimba tsiku lililonse ndikamasesa."

"Ndiye kuti ndi muno?"

"Ndi muno."

"Ndinalimo muno," anatero a Tcheya, akuyang'ana mwala umene anakhalapo uja. "Ndinakhala pamwala uwo."

"Munali muno?" ahedi anafunsa. "Nanga munatulukiranji?"

"Ndinaopa kuti mwina ndi kumunsi."

"Bwanji osapita kumunsiko?"

"Ndinaliko. Ndinaopa kuti mwina ndi kuno."

Ahedi anangokhala pansi. Mayi Chadzunda ndiwo analankhula, mosakalipa, ndipo kusakalipako n'kumene kunapweteka.

"A Tcheya, mukanakhala kolakwikako, ana akanakusekani pang'ono, ine ndikanatuma mmodzi kudzakuitanani mvula itakata. Mawa tikanaiwala. Samu yolakwa timaikonza ndi choko. Nanga choko tichikonza ndi chiyani?"

A Kansengwa anaweramitsa mutu. Mwatitha anasendera n'kuyamba kuwachotsa phala la choko m'ndevu ndi nsonga ya diresi lake, ndipo apo m'pamene munthu wamkulu uja analira.

Mlatho sunakonzedwe mpaka mvula itatha. A Kansengwa anakumba chinangwa cha m'munda mwawo monse, kusenda, kuyanika, ndipo Lolemba lililonse ankafika pasukulu ndi dengu la makaka pamutu, popanda wowatuma. A Sitandade 8 anakonzekera mayeso akutsinzinira kutsogolo kwa bolodi, ndipo ana a m'makalasi ang'onoang'ono ananenepa chaka chimenecho.

Koma makolo anafuna kumva mwini wake. Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa pasukulu, ndipo anthu anabwera ambiri kuposa tsiku la nthungululu. Bambo wina amene mwana wake anali mu Sitandade 8 anaimirira n'kufunsa mosapsatira.

"A Tcheya, tiuzeni. Wolakwa ndani? Madamu amene anakupatsani samu, ahedi amene analola masewero, kapena ana amene anakusokonezani?"

Aliyense ankadziwa yankho limene likubwera. Ena anayamba kale kulinong'ona, nonse mukunena zoona. A Kansengwa anaimirira, chipewa m'manja. Anayang'ana kwa ahedi, anayang'ana kwa Madamu, ndipo anthu anati ayambapo. Koma kwa nthawi yoyamba chibadwire, munthu uja anasankha.

"Wolakwa ndine," anatero. "Phanga la kumunsi linali louma. La kumtunda linali louma. Likanakhala limodzi, bwenzi nditalowa n'kukhala, ndipo ana athu bwenzi akulemba ndi choko. Amene anavumbwa ndine, amene ndinali nawo onse awiri."

Anavala chipewa chawo, n'kuwonjezera mawu amene anthu anatuluka nawo pamsonkhanopo, kupita nawo kumsika, kumaliro ndi kumaukwati, mpaka afika pakhonde lino lero. Fatsani, tsegula kope, ulembe 70 pambali pa bowolo, ndipo usafufutenso. A Kansengwa anati:

"Abale anga, mapanga awiri avumbwitsa."